Malo Oyera pa Mapu

Anandipatsa cholembera ndi mpando wapakona
m'kalasi ya sukulu, kunja kwa Phalodi,
ati lemba zonse zimene anthu anene.
Mchenga unkalowera pansi pa chitseko.

Bwana wa kampani anayala mapu pathebulo
n'kupsinja ngodya zake ndi makapu a tiyi.
Chala chake chinazungulira malo oyera mbee:
"Pano palibe kanthu.
Tiikapo masola, dzuwa lanu likaunikire Delhi."
Ndinalemba: palibe kanthu.

Amuna anangokonza nduwira zawo, chete.
Uthenga wa msonkhano unatuluka m'nyuzipepala
imene kuno imafika itakulunga anyezi.
Theka la mudzi linali kutali, kotsata msipu ndi nkhosa.

Kenaka mayi Dhapu, amene amasaina ndi chala,
anadzuka, zibangili zili ngwerengwere,
nagwira mapu ngati akuyesa nsalu pamsika.
"Nanga ngamila zanga zimagona m'malere?
Apa pali mitengo ya khejri makumi atatu ndi iwiri,
pansi pa umodzi ndinaberekera Hukma.
Apa pali thamanda, limasunga mvula masabata asanu.
Magetsi sindikukana ayi,
mdzukulu wanga amawerengera tochi ya foni.
Koma pepala lanuli silinapondepo pansi.
Bwerani mawa, tiyende."

Dzanja langa linkatsalira m'mbuyo mwa mawu ake.

M'mawa mwake anabwera mmodzi yekha,
Tanvi, injiniya wamng'ono pa onse,
minga ili tho m'masokosi.
Anawerenga mitengo, nasokoneza, nayambiranso.
Pathamanda louma anagwada
n'kukanda dothi mpaka linada m'zikhadabo.

Panapita miyezi isanu ndi iwiri.
Mpanda unasuntha mapazi mazana atatu.
Thamanda linatsala kunja.
Mitengo khumi ndi umodzi inatsala mkati,
ndipo ndinaimva ikugwa ndili m'bafa.
Wa Hukma uja sindinafunse kuti unali mbali iti.

Mu lipoti lalikulu, tsamba makumi asanu ndi limodzi,
mayi Dhapu ndi mzere umodzi:
"Anthu a m'deralo anapereka maganizo awo."
Kope langa ndinalisunga m'thumba la mapira.

Tsopano Hukma amatsuka fumbi pamagalasi, amalandira pamwezi.
Kwathu magetsi amathimabe ikamakwana eyiti.
Madzulo ngamila zimaima pawaya,
makosi atatambalala pamwamba pa mpanda,
kuyang'ana nyanja yakuda
imene sizingamwe.