Mzamba wa ku Muara Baru

Chitseko cha nyumba yanga ndachidula katatu.
Tikakweza pansi ndi simenti kuti madzi asalowe,
denga limatsika kudzandinunkhiza pamutu.
Masiku ano ndimalowa chowerama
ngati wodzapepesa maliro m'nyumba mwanga momwe.

Ndine Sumiati, mzamba.
Zaka makumi anayi ndakhala ndikutchera manja
ana a kumpoto kwa Jakarta akamagwa,
ndipo m'kope langa lachikuto chobiriwira
muli mayina zikwi ziwiri ndi mazana atatu,
kupatula asanu ndi mmodzi amene sanalire.

Ndili kamtsikana, pano panali mitengo ya m'matope
yoima pa mizu ngati akakowa,
nkhanu zikuboola pansi.
Kenaka anthu anabwera.
Tisanamizane, nafenso tinabwera:
amayi anachokera ku Tegal
ndi poto mmodzi kumanja, ine m'chiuno.

Malemu mwamuna wanga Tarmidi ankakumba zitsime.
Ine ndikalandira mwana usiku,
iye m'mawa ankaboola nthaka kumfunira chakumwa.
Chaka ndi chaka paipi inkatalika.
Ndani anatiuza kuti mzinda unatsamira madzi omwewo
ngati mutu pa pilo,
ndipo ife tikusolola thonje pang'onopang'ono?

Mzikiti umene tinamangitsiramo ukwati
uli kuseri kwa khoma lotchinga nyanja.
Mafunde amalowera pa zenera.
Madzi saiwala khwawa,
ndife tinaiwala kuti tinapeza malo ali ndi mwini.

Dzulo kunabwera mnyamata wa ku yunivesite
ndi chipangizo chamiyendo itatu.
Anayeza msewu, analemba, anapukusa mutu.
Amayi, akutero, anthu achuluka, nthaka yatopa.
Ndinampatsa tiyi. Ndinampatsanso kope lija.
Ndati, loza. Ndionetse woonjezerayo.
Kodi ndi Wulan wogulitsa mpunga pa doko?
Kapena mapasa a Rohaya, amene anabadwa magetsi atazima
ine tochi ndili nayo kukamwa?
Anangoomba tiyi wake kuti azizire.

Ndikanamlozera nyumba zagalasi zija zobaya mitambo,
zimene mapaipi ake anapitirira a Tarmidi kalekale
kukamwa pansi penipeni kuti dziwe la padenga lidzaze.
Koma naye sananame.
Ndimadziwa fungo la ngalande yathu,
ndimaona anthu asanu ndi atatu akugawana chipinda
chimene mbuzi ikanachikana.
N'chifukwa chake m'chikwama changa, pafupi ndi lumo,
mumakhala mapilitsi a kulera,
ndipo ndimanong'oneza mayi thukuta lisanaume:
puma kaye, mwanangu, puma kaye.

Foni yalira. Mdzukulu wa Rohaya, matenda ayamba.
Mwezi wakhwima, nyanja ili kale mu msewu.
Ndapinda nsalu mpaka m'mawondo,
chikwama pamutu, kope m'pulasitiki.
Tsamba lomaliza latsala ndi mizere inayi.