Woyankha Nambala 14

Ndinatsika minibasi pa Chitakale
ndi mapepala makumi atatu m'chikwama,
lililonse mafunso khumi ndi awiri,
ndi foni yong'aluka galasi yojambulira mawu.
Chiperoni chinali chitameza phiri lonse,
kungotsala mapazi ake m'minda ya tiyi.

Amalume anandichingamira ndi funso lawo lakale lija:
"Iwe Elube, jenda wakoyu
akadzatha, adzakulemba ntchito ndani?
Mwana wa a Namakhwa akuphunzira zomanga milatho,
iwe zaka zitatu kuwerenga za akazi
ngati unabadwa china."
M'kalasi ndikanayankha masamba anayi.
Pano ndinangowalandira njinga, n'kuseka.

Azimayi khumi ndi atatu ndinawapeza
pa shedi yoyezera masamba, pa mjigo, pa mzere wa kuchigayo.
Wotsatira ndinampeza pakhonde pathu
akupaka mafuta m'ming'alu ya zidendene.
Amayi anga.

Ndinawawerengera kalata ya chilolezo:
dzina lanu silidzatchulidwa,
muli ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse.
"Kusiya?" anatero.
"Kuli zinthu zoti munthu n'kungosiya?
Lemba, mwanawe."

Funso lachitatu: Mumagwira ntchito?
"Ayi. Ndimangothyola tiyi."

Ndinayang'ana zala zodetsedwa kunsonga,
mapewa omwe zingwe za dengu zinalimapo mizere,
makilogalamu onse aja
amene anasanduka fizi, sopo, mabando a intaneti.
Kabokosi ka Ayi kanandiyasamulira kukamwa.
Sindinakachonge.

Funso lachisanu ndi chiwiri: Munda ndi wa yani?
"Wanga. Unali wa mayi anga.
Bambo ako anabwera pano ndi khasu ndi wailesi basi."
Mtima unadumpha.
Buku lathu lolembedwa kutali silidziwa chikamwini;
mawa ndikalitsutsa pamaso pa onse.
"Nanga ndalama za masamba amalandira ndani?"

Chete.
Nkhuku inadutsa pakati pathu, osafulumira.

"Khadi la kukalabu lili m'dzina lawo.
Tsiku lolembetsa ine ndinali kuchipatala cha mishoni,
ndikubereka iweyo."

Pepala langa lili ndi timabokosi titatu:
mwamuna, mkazi, onse awiri.
Palibe ka amene anali pabedi lachitsulo
akuluma chitenje
pamene cholembera chinkayenda kwina.

Usiku, tochi pakamwa, ndinamvetseranso foni.
Mawu awo ndinkawasamutsira m'Chingerezi
monga a Dokotala Mwathunga amafunira,
mawu aakuluakulu a m'mayeso
atandandalika pambali ngati nsapato zobwereka.
Pa mphindi yachisanu ndi chinayi pali kupuma kwina,
mpweya wautali wotuluka m'mphuno,
kumbuyo kwake mvula padenga la malata.
Ndinabwezera kanayi.
Kumeneko amakulemba bwanji?
Gwero lake ndilitchule ndani, chaka chiti, tsamba liti?

Ndinalemba pamwamba: Woyankha 14,
wamkazi, zaka 47, wokwatiwa.
Munthu amene anandiphunzitsa kutchula dzina langa
ndinamchotsa lake, mwa lamulo la sukulu.

M'mamawa, mame asanagwe m'masamba,
anandigwedeza phazi.
Anali atavala kale pulasitiki m'chiuno, dengu kumsana.
"Iwe wafunsa khumi ndi awiri dzulo.
Langa ndi limodzi.
Kuti dzina la pa khadi lisinthe,
amafuna mapepala anji?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga monse:
masemesita asanu ndi umodzi,
mitu ya mabuku, zaka za misonkhano ya mayiko,
mayeso amene ndinakhoza bwino kuposa anyamata.
Munalibe.

"Sindikudziwa, amayi."

"Chabwino. Vala nsapato.
Kalaliki amafika eyiti koloko.
Utenge ndi cholembera chako chija,
iwe uzikalemba,
ine ndizikafunsa."