Mipando Iwiri

Lachiwiri masana, m'chipinda cha kumapeto,
a Kamthunzi atikhazika awiriawiri, mipando yoyang'anizana.
"Lero simulangiza munthu," atero. "Mungomvetsera.
Mphindi khumi. Pakamwa potseka."

Ine ndagwera Zione wa ku Kawale,
uja amaseka ngakhale pa mayeso.
Iye ndiye wovutika wongoyerekezera:
wapeka za mwamuna wothawa, za ngongole ya banki m'khonde.
Pa mphindi yachinayi mawu ake anjenjemera.
Sakupekanso.

Lilime langa likuyabwa ndi "limba mtima, zidzatha,"
mawu omwe ndinawaponyera achimwene a Maziko
pa depoti, ndikuthamangira minibasi ya ku 25,
iwo atandinong'oneza kuti mutu wawo wadzaza.
Loweruka lake tinakagula bokosi ku Mchesi.

Ndaliluma lilimelo.
Panja wakabaza akuitanira wokwera.

M'buku muli mawu ataliatali a Chingerezi,
ndinawaloweza pa kandulo magetsi atazima,
koma mulibe tsamba lonena poika manja
mnzako akamalira kalasi yonse ikuona.
Ndawaika pa maondo.

Bambo amafunsabe pa foni:
"Zaka zinayi, fizi yonseyi, kuphunzira kumva anthu?
Kodi makutu sunabadwe nawo?"

Ndinabadwa nawo, bambo.
Tsiku lija pa depoti ndinali nawo onse awiri.

"Nthawi yakwana," atero a Kamthunzi. "Sinthanani."
Zione apukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja,
akokera mpando wake pafupi,
andiyang'ana,
adikira.