Kumene Anabadwira Wopeka Nyimbo

Lachinayi, tsiku langa lopuma,
ndatsika takisi ku Doornfontein
kudzaona nyumba yake.

Khomo n'lalifupi, ndawerama.
Limba lili pakona, mano achikasu,
limodzi linaguluka.
"Osakhudza," akutero mayi wolondera,
maso ali pa foni.

M'galasi muli kapepala:
d, r, m, za pensulo, zofufutika,
zomwe zija ankatiimbitsa a Chafulumira ku Nkhoma
ndi kandodo ka nsungwi.

Akuti anabadwira pa bedi ili.
Ndaliyeza ndi maso:
n'chimodzimodzi lathu la ku Yeoville
limene timagonapo mosinthana ndi Lingisoni,
iye usana, ine usiku.

Panja matakisi akuliza mahutala.
Ndaima pakhonde, tikiti m'manja,
kufunafuna "do" wawo.