Kachitatu Ndiye Kamalowa

Njinga ndinaidziwa m'masiku awiri,
kulemba dzina langa sabata imodzi,
koma timabowo ta kumbuyo kwa kompyuta,
chaka chachisanu ndi chimodzi chino
ndikadali sitandade wani.

Kashopu kanga ka pa Chitakale ndimakatsegula
chiperoni chisanachoke pamalata,
phiri litafunda mutu ngati wodwala malungo.
Pakhomo ndinalemba ndi penti wofiira:
Timasindikiza, timajambula, timaika nyimbo m'foni.
Zoti timagwadanso sindinalembe.

Lero kwabwera Mai Nakhumwa a ku Nkando,
fulashi ataimanga pamfundo ya chitenje
pamodzi ndi ndalama ya minibasi.
Muli kalata ya mwana wawo Lameki
yofunsira ukalaliki ku esiteti ya tiyi,
ndipo ikakwana folo, geti atseka.

Ndalowetsa. Yakana.
Ndatembenuza. Yakananso.
Ndabwezera momwe inalili poyamba paja,
yalowa myaa,
ngati sitinakanganepo.
Inu odziwa masamu, tandiuzani,
kanthu ka mbali ziwiri
kamafuna bwanji kuyesedwa katatu?
Mbali yachitatuyo imagona kuti?

Komatu fulashi ndi mwana.
Mkulu wake ndi chingwe cha pulinta,
amene amakhala kunsi kwa thebulo
komwe akangaude anakhazikitsa boma.
Ndagwada. Ndalowetsa mutu.
Chimene Mai Nakhumwa akuona tsopano
ndi chigamba cha thalauza chimene ndakhala ndikubisa.
Ndikupapasa mumdima
ngati wosaka nkhanu pansi pa mwala mu Likhubula,
tochi ya foni ndaluma pakamwa,
malovu akuchucha pa sikilini.

Chalowa! Ndadzuka mokondwa,
thebulo landilonjera pankhongo, gu!
Pepani, akutero mai aja, akuyang'ana wotchi yapakhoma.
Pulinta ili zii.
Ndabwerera pansi: chalowa, inde,
koma m'nyumba ya eni,
bowo la intaneti lachilandira ngati mlendo
wosafunsidwa kumene akuchokera.

Mwina chingwe chafa. Ndakoka katoni.
Umu muli fuko lonse.
Chamutu wabuluu chija, cha zomangira ziwiri,
chikakhala chakhala, ngati msungichuma wa mpingo.
Chakamlomo kowonda, foni yake tinaika m'manda kalekale
koma icho chikadali pa chisiye, kudikira.
Cha mano awiri, chimene sichilowa pakhoma
mpaka nditatokosa soketi ndi chivindikiro cha bolopeni
ndikupemphera.
Usiku ndimazigoneka chilichonse pachokha,
m'mawa ndimazipeza zitakolana miyendo,
ukakoka chimodzi amabwera ndi apongozi omwe.

Yatsala mphindi makumi awiri.
Panja wakabaza akuimba belu,
wananazi wasiya malonda kudzaonera pawindo.

Kenaka Esinati, mdzukulu wa mai aja,
wa mano awiri akutsogolo othothoka,
walowa kunsi kwa thebulo osawerama n'komwe,
dzanja limodzi lili ndi chimanga chootcha.
Wagwira chingwe choyamba chija. Kamodzi. Tswa.
Watuluka, wandiyang'ana,
wayang'ana khoma:
Amalume, apa simunayatse.

Pulinta yakhosomola, yadziongola,
yalavula kalata ya Lameki yofunda ngati chitumbuwa.
Mai Nakhumwa alipira, akwera kabaza,
ali pa kaliyala aitana wananazi uja:
Apatseni limodzi, la chotupa chapamutucho.

Madzulo ndafika kunyumba ku Chisitu,
nanazi kukhwapa, nkhongo ikugunda.
Ndalowetsa kiyi pachitseko,
walowa nthawi yomweyo, osakana.
Ndaima.
Ndamuyang'ana.
Sindinamukhulupirire.
Ndamuzula, ndamutembenuza,
ndipo mkazi wanga wandipeza pamenepo
ndikulimbana ndi khomo la nyumba yanga yomwe.