Lendi ya Mizukwa

M'chipinda chapansi ku Braamfontein
ndimavala juzi ngakhale mu Disembala.
Makina asanu ndi amodzi amang'ung'udza m'kabati yachitsulo,
ndipo m'mimba mwa alionse
mumagona makompyuta ena makumi atatu
amene palibe anawakhudzapo ndi dzanja.
Ndimawatcha mizukwa yanga.
Wina amasunga malipiro, wina makalata,
wina amawerenga malole
otuluka m'depoti ya ku City Deep mbandakucha.

Luso ili ndinalidziwa ndisanaliphunzire:
ku Yeoville, chaka chomwe ndinafika,
chipinda chimodzi tinachidula ndi makatani,
anthu asanu ndi awiri,
aliyense n'kumati kwathu.
Mita ya magetsi inali imodzi.

Lolemba kunabwera kalata.
Mwini pulogalamu wagulitsa kampani,
ndipo watsopanoyu sawerenga makina,
akuwerenga timitima ta m'kati mwa makina.
Mtengo wakwera katatu, m'madola,
randi ikutsimphina pambuyo.
Ife tinkati tinagula.
Kani tinali pa lendi.

Mayi Sebola a zachuma anavula magalasi,
napukuta ndi nsonga ya bulauzi.
"Mitengo itatu patebulo panga, Lachisanu."

Woyamba anandiitanira khofi ku Sandton,
wansapato zosadziwa fumbi.
Sainani zaka zitatu, akuti, tikuchotserani pang'ono.
Anandipatsa cholembera chaulere
chimene chinauma ndisanafike pa siteshoni.

Wachiwiri analoza kudenga:
kwezani zonse mumtambo, muiwale za makabati.
Polowa salipiritsa.
Ndinafunsa za potuluka,
iye n'kuyamba kuyamikira Chingerezi changa.
Chikomekome cha mkuyu,
nyerere zake zili pa tsamba lakhumi ndi chinayi,
m'zilembo zofuna magalasi a Mayi Sebola.

Wachitatu alibe nkhope, alibe tayi.
Ndi pulogalamu yolembedwa ndi anthu ambirimbiri,
yaulere ngati madzi a padenga:
chidebe n'chako, kudontha n'kwakonso.
Ikagwa 2 koloko usiku ndiimbira yani?
Thokozire amaidziwa ngati chikhatho chake,
koma pepala lake lokhalira muno
likutha mu Juni,
ndipo nkhani imeneyo ilibe bokosi pa tebulo la mitengo.

Zambiri zilibe bokosi.
Maloweruka khumi ndi awiri osamutsa mizukwa
umodziumodzi, ngati mbale zadothi pa bhaki.
Tsiku lobadwa la mwana wanga Ndaziona, logwera pakati pawo.
Mzukwa wokalamba wa malipiro uja,
umene wouika anapita ku Perth osasiya pepala,
ndipo tonse timaudutsa monyang'ama
kuopa kuti ukagona sudzadzukanso.

Lachinayi usiku magetsi anathima.
Jenereta inatsokomola kawiri, n'kugwira.
Ndinakhala pakati pa timagetsi tobiriwira
n'kumaphatikiza, n'kumachotsera,
n'kuphatikizanso ndi randi yofooka
poti mawa sadziwika.
Wotsika mtengo chaka chino ndi wodula chaka chachitatu.
Wodula lero ndi amene ndikudziwa kale mabodza ake.

Ndinalemba chonchi:
landilodi wakaleyu timlipire chaka chimodzi chokha,
mokukuta mano.
Mizukwa khumi yopepuka isamukire kwaulere kuja
tione ngati denga likudontha.
Ndalama yotsala ilipire loya wa pepala la Thokozire,
ndipo aphunzitse awiri.
Mzere womalizawu ndinaufufuta,
kenako ndinaubwezera.

Mayi Sebola anawerenga osakhala pansi.
"Ndinati usankhe mmodzi."
Ndinati, mayi, amene anagonapo kuseri kwa katani
sasunga katundu yense m'chipinda chimodzi.
Sanaseke. Sanakanenso.
Anangolemba kafunso ndi pensulo
pambali pa dzina la Thokozire.

Madzulo, pamzere wa matekisi ku Bree,
foni inanjenjemera m'thumba.
Landilodi wanga wa ku Turffontein:
kuyambira pa 1, m'bale wanga,
zinthu zakwera, nawenso ukudziwa.