Tsamba 212

Ndinalipeza m'sitolo ya mabuku ya mayi Leontina,
kumunsi kwa phiri la Alegre, kuno ku Valparaíso,
tsiku limene mvula inandipeza ndilibe ambulera.
Chikuto chobiriwira, mtengo wotsitsidwa kawiri.
Wolemba: Anselmo Quilodrán. Dzina losandiuza kanthu.
Ndinatsegula pakati, podikira kuti mvula ikate,
ndipo ndinakumana ndi mawu anga.

Anga enieni, ndi zilembo zake zophonya zomwe.
Pajatu ndinkalemba ndi chala chimodzi,
dzanja linali likuwerenga mapiritsi
m'sitolo ya mankhwala yosatseka usiku,
mzinda utagona, kutatsala agalu ndi zidakwa
ndi sitima zolira kudoko ngati zasochera.

Pa intaneti iye ankadzitcha Chifunga.
Ine ndinali Kadzidzi.
Tinapangana: pasakhale chithunzi, pasakhale dzina,
wina asafunse mnzake komwe amagona.
Miyezi khumi ndi inayi tikukumana mumdima wa foni.
Anandiuza kuti amaopa chikepe chokwera phiri chija,
kuti amatsinzina chikangoyamba kukwekwereza zingwe,
bambo wamkulu ndithu.
Ine ndinamuuza za mlongo wanga Eliseo
amene nyanja inamutenga osabweza ngakhale nsapato,
nkhani imene ngakhale wansembe sanaimvepo.

M'bukumu wanditcha Fresia.
Wandipatsa tsitsi lofika m'chiuno ndi ntchito yophika buledi.
Akuti ndimanunkhira ufa ndi malalanje.
Ndinaseka ndekha pakati pa mashelefu,
ine wa imvi zofulumira,
wonunkha mankhwala a chifuwa mpaka m'zikhadabo.
Koma Eliseo sanamusinthe.
Wamusiya momwe ndinamuperekera,
ndi juzi yake yong'ambika pachigongono.

Pa tsamba 212 awiriwo akukumana
pamwamba pa chikepe, Loweruka, faifi koloko.
Fresia akubwera atavala mpango wachikasu monga anapanganira.
Akutsika limodzi masitepe onse,
mwamunayo akuseka mantha ake,
ndipo masamba makumi atatu otsalawo ndi chimwemwe chokhachokha.

Bodza.
Ndinabwera, inde, koma mpango uli m'chikwama.
Panali amuna atatu otsamira chitsulo cha mpanda:
wina ndi nyuzipepala, wina ndi maluwa ofota,
wina akudya chitumbuwa cha nyama, mafuta akuyenderera m'dzanja.
Ndinawayesa mmodzimmodzi ndi mawu amene ndinkawadziwa,
ndipo palibe amene mawuwo anamukwana.
Kapena ndine amene sindikanakwana.
Ndinaima tsidya la msewu mpaka magetsi atayaka,
kenako ndinapita kuntchito,
ndinapha Kadzidzi ndi chala chomwe chija.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitapo.

Ndinakwiya kaye. Munthu kugulitsa usiku wanga
pamtengo wa makapu awiri a khofi!
Kenako ndinaona tsamba loyamba, losawerengedwa nambala:
Kwa amene sanabwere, kapena anabwera.

Mvula inali itakata kalekale.
Mayi Leontina akulikulunga anati,
"Silikuyenda malonda limeneli, mathero ake ndi shuga wokhawokha.
Mwini wake amabwera Lachinayi lililonse
kudzafunsa ngati lagulidwako.
Amatsika wapansi kuchokera kuphiri, thukuta kamukamu,
chikepe chilipo chabwinobwino."

Sindinafunse ngati amakonda zitumbuwa.
Ndinalipira, chenji ndinaiwala pa kauntala.

Usiku wathawu ndaliwerenga lonse pakati pa makasitomala,
mayi wa mwana wotentha thupi, mnyamata wamanyazi,
nkhalamba yogula mapiritsi a tulo amene samugonetsa.
Pena ndakonza zilembo zanga ndi pensulo.
Pena ndazisiya.

Lero ndi Lachiwiri.
Mpango uja unali pansi pa malisiti a magetsi,
njenjete zitaulawa pakona.
Palibe chimene ndaganiza.
Ndangouchapa basi,
ndauyanika pawindo loyang'ana kudoko.